Chitsa cha Mango kwa a Sakala

Amati wakufa sanenedwa zoipa. Amene anayambitsa mwambo umenewo sanakumanepo ndi a Yotamu Sakala. Mwezi uno atha chaka ali m'manda, abale awo akukonza zokaika mwala, koma ine mtima sunatsike. Ndimawasowa, sindikana. Koma atati adzuke lero, ndingayambe ndawakalipira kaye moni asanabwere, ndipo ndikudziwa kuti angandibwezere kawiri, chifukwa pakamwa pawo panalibe chitseko.

Ine ndine amake Mwanida, ndimagulitsa zovala za kaunjika, zimene kuno timati salaula, pamsika wa ku Nakoli. Mwanida ndi mwana wanga wamkazi, ndipo samva chibadwire. Kalasi imene ankaphunziramo kuyankhula ndi manja inayenda bwino chifukwa cha a Sakala, ndipo inafa chifukwa cha a Sakala omwewo. Za ine zathera pomwepa. Popanda mwanayu ndikanawadziwa mkuluyu monga mmene Kabwe yense ankawadziwira: mdala wamtali wa ku Railways, wa chipewa cha khaki, woyenda maso ali kumwamba ngati wathawitsa nkhunda. Anagwerapo m'ngalande chifukwa cha kayendedwe kameneko, ndipo atatuluka anakalipira ngalandeyo.

Kwawo kunali ku Petauke, monganso makolo anga. Anagwira ntchito ya mawailesi ndi masigino a sitima mpaka kupuma, anaphunzirako kunja, ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo. Akaona eriyo yopendama padenga la munthu wosamudziwa, ankagogoda pageti n'kumuuza kuti akuchititsa manyazi msewu wonse. Mawu amene ankadana nawo kwambiri anali akuti netiweki yavuta. Ankati netiweki ilibe mutu woti n'kuwawa, ilibe apongozi oti n'kuikwiyitsa. Ikavuta ndiye kuti pali munthu wina, wa dzina ndi nyumba, amene anagwira ntchito mwaulesi. Ukanena kuti zimachitika, wadziputira wekha. Ankakufunsa kuti zimachitika zokha bwanji, n'kukuimika padzuwa mpaka uvomere kuti sukudziwa. Mulungu sanawapatse ana, akazi awo a Esinati anali atamwalira, ndiye nthawi yokangana ndi anthu anali nayo yambiri.

Tchalitchi china ku Nakoli chinatibwereka kachipinda kakumbuyo, ife makolo a ana osamva. Tinapeza mphunzitsi wa chinenero chamanja, Madamu Zulu, amenenso samva, koma ankakhala ku Lusaka. Ankatiphunzitsa pa kanema: foni yanga, waya, ndi TV yakale ya abusa. Inu akumva simungadziwe kuti chithunzi chikaima kamphindi pamatayika chiyani. Kwa inu mawu amapitirira, zotsalazo mumalumikiza nokha. Kwa mwana wosamva, dzanja likaima m'malere mawu afera pomwepo. Chithunzi chikayambanso kuyenda dzanja lili kwina, chapakaticho chapita. Anawo ankatengera dzanja loumalo n'kumaseka, kenako ankayamba kumenyana, kenako ena analeka kubwera. Mwanida ankadziluma pamkono ndi ukali.

Tsiku lina m'mawa ndinali nditakwera pa kireti ya zakumwa, foni ndaikweza pawindo kusaka sigino, pamene ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Imwe amai, muchita chani apo? Mupasa moni mvula?"

"Nisakila netiweki, atate. Yavuta lelo."

Sindinadziwe kuti ndaputa mavu. A Sakala anandilalikira ndili pakireti pomwepo mpaka mkono kundiwawa. Kenako analowa osaitanidwa, anakhala pa kampando ka ana, mawondo ali m'khosi, mpaka phunziro kutha. Atatuluka nkhope inali itachita mdima.

"Iyi ni nsoni. Bana bafuna kukamba, ise tibapasa mau yoduka-duka monga nyama ya pa butchala. Ndani anapanga ivi?"

"Palibe, atate. Ni vamene tili navo."

"Mailo musakwele pa kileti. Muzatyoka mwendo, elo ine sinizakunyamulani."

Anagula dishi ya intaneti ya masetilaiti, ija yoyera yafulati ngati thireyi. Sanaiike kutchalitchi, ati denga n'lowola ndipo akuba sagona. Anaiika kunyumba kwawo ku Railways, pamwamba pa mlongoti wa mapaipi owotcherera, pamodzi ndi kawailesi koyang'anizana ndi kanzake kamene anakamangirira padenga la tchalitchi. Magetsi akazima, mabatire ndi sola zinkagwira ntchito. Mawaya onse ankathera m'kabokosi kachitsulo pakhonde, ndipo kiyi wake ankakhala m'thumba mwawo.

Anandifotokozera ndisanafunse, monga mwa chizolowezi chawo. Setilaiti ya TV ija tinaizolowera imakhala malo amodzi, kutali kwambiri; dishi ukailoza kamodzi, basi. Zatsopanozi zili pafupi, n'zambirimbiri, ndipo sizikhazikika: zimathamanga kudutsa thambo. Dishi imagwira imodzi kanthawi kochepa, iyo ikamapita kukalowa iyenera kuisiya n'kugwira ina imene ikutuluka. Chithunzi chimapunthwa pa kusinthanapo, makamaka pakakhala chotchinga, kapena ikubwerayo ikakhala itadzaza kale ndi anthu ena. Ankayerekeza ndi ntchito yawo yakale: sitima sichoka m'manja mwa siteshoni ino mpaka siteshoni yakutsogolo itanena kuti ndailandira. Luso lonse, ankatero, silili pa kugwira ayi. Lili pa kupereka ukadali ndi mphamvu, usanalowe kuseri kwa phiri. Mawu amenewa ankawabwereza kwa aliyense, ngakhale kwa kondakitala wa minibasi. Muwasunge, chifukwa ndi omwe ndikuwaimba nawo mlandu.

Zinthu zinasintha, koma vuto silinathe. Chithunzi chinkaimabe apa ndi apo. Ife makolo tinali titayamba kale kuthokoza, iwo ayi. Ankakhala kumbuyo kwa kalasi, Mwanida akamenya tebulo kuti chaima, iwo n'kutukwana chapansipansi. Ankakalipira ndi eni masetilaitiwo omwe, anthu amene sanawaonepo. Ankati akungoponya zitsulo kumwamba kupikisana kuchuluka, mpaka zayamba kusokonezana zokhazokha ngati ogulitsa ofuulira kasitomala mmodzi, koma poyesa ntchito yawo amayesera mpira ndi mafilimu. Ndani mwa iwo anakhalapo pansi kuyang'ana mwana akudikira kuti dzanja limalize mawu? Ankakalipiranso a ku Highridge, kumene nyumba iliyonse inkafuna dishi yakeyake. Madishi akachuluka dera limodzi onse amamwa pa setilaiti imodzimodziyo, ankatero, ndipo wofika kumapeto amapeza matope.

Ndi abusa anakangana pa nkhani yomweyo. Achinyamata anazindikira kuti kuseri kwa tchalitchi kuli intaneti, ndipo ankandandana kukhoma ndi mafoni awo. Abusa nawo ankafuna kuti maphunziro a kwaya azionetsedwa kwa akhristu akutali. A Sakala sanathamangitse aliyense. Anangokonza kabokosi kaja kuti nthawi ya kalasi chithunzi cha Madamu Zulu chiziyamba kudutsa, zina zonse zizidikira, monga mmene sitima ya katundu imaimira pambali kuti ya anthu ipite. Abusa atadandaula kuti kwaya ikuduka, anauzidwa pamaso pa madikoni kuti Mulungu amamva nyimbo ngakhale popanda intaneti, koma ana awa alibe khutu lina kupatula TV imeneyi. Abusa sanawapatse moni mwezi wonse.

Nzeru yawo yaikulu inali yoti pakhale dishi yachiwiri, kutali ndi yoyamba, kuti chithunzi chiziyenda njira ziwiri nthawi imodzi: ina ikapunthwa, inzake inyamule. Kugula ina sanafune, ati n'kuwonjezera pakamwa pa chitsime chomwecho. Ankafuna yomwe ilipo kale koma ikungogona. Tsoka lake, dishi yoyenera, yokhala pamtunda, inali ya a Chanda.

A Chanda anali bwana wawo ku njanji, Mbemba wa ku Highridge, wamfupi, wa mimba ndi galimoto. Abemba ndi ife akum'mawa tili pa chimbuya: timanyozana mwaufulu, iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani, ndipo palibe wokwiya. Koma pansi pa chimbuya cha awiriwa panali chilonda chenicheni. A Sakala ankakhulupirira kuti mpando umene a Chanda anakhalapo unali wawo, ndipo anapuma ntchito osawakhululukira. Tsiku limene anakagogoda pageti pa a Chanda anandiuza kuti ndiwaperekeze, ati pakhale mboni akapha munthu.

"Ba Chanda, nabwela kupempa."

"Mwe bantu! Amai, nigwileni nizagwa. Sakala apempa? Mbeba zasila ku Petauke?"

"Sinipempela ine. Dishi yanu igona chabe kuseni konse, imwe muli ku gofu. Nipaseni maawazi ya sukulu."

"Nanga mpila wanga?"

"Mpila ni wa usiku. Munaonapo kolwe atamba mpila kuseni?"

A Chanda anaseka mpaka kutsokomola, potchedwa nyani pageti pawo pomwe, ndipo analola. Titabwerera ku Railways, a Sakala anati munthu uja adakali chitsiru, koma chitsiru cha mtima wabwino. Kuyambira pamenepo a Chanda ankabwera masana ena kudzakhala pansi pa mtengo wa mango wa a Sakala, n'kumatukwanana mpaka tiyi kuzizira.

Mtengo umenewo ndiwo unali vuto lotsala. Njira ziwiri zija zinathandiza, koma magetsi akazima ku Highridge, zomwe zinkachitika pafupipafupi, kunkatsala dishi ya a Sakala yokha, ndipo iyo inali ndi mtengo pambali pake. A Esinati anabwera ndi njere yake kuchokera ku Petauke atangokwatiwa, n'kuibzala kuseri kwa nyumba. Unakula kuposa denga, ndipo ana a msewu wonse anakulira mango ake. Chimwalirire akazi awo, a Sakala ankadyera pansi pake, kuwerengera pansi pake, ndipo aneba ankati amacheza nawo. Koma nthambi zake zinkatchinga mbali ina ya thambo. Dishi ikafuna kugwira setilaiti yotulukira kumeneko, inkapeza masamba. Anakweza mlongoti mpaka mphepo inayamba kuugwedeza. Anasadza nthambi. Anayesa ngodya iliyonse ya bwalo, koma kutsogolo kunali mitengo ya aneba imene sakanaikhudza. Mwanida ankamenyabe tebulo.

Linali Loweruka m'mawa, nyengo imene mtengo uli ndi timango tanthete. Mneba wina anathamangira kumsika kudzanditenga, ati mdala wanu uja wapenga. Ndinapeza anthu adzaza kumpanda, amayi akukuwa, iwo ali ndi nkhwangwa, malaya avula, nthiti zikuwerengeka. Anyamata a makina odulira mitengo anali atawabweza, ati mtengo uwu sudulidwa ndi mlendo.

"Ba Sakala, mwafunta?" anakuwa mayi wina. "Mutengo wa bakazi banu! Muzakamba chani kuli beve?"

Nkhwangwa inangopitiriza. A Chanda anafika pagalimoto, anaima kumpanda, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinamve chipongwe pakamwa pawo. Ine ndinalowa n'kugwira mpini.

"Atate, lekani. Tizapilila chabe. Bana bazolowela."

Anandiyang'ana ndi maso ofiira.

"Bazolowela? Ndiye vamene nizonda ivo. Esinati anali tichala. Angamve ati nasunga mango, bana bakangiwa kukamba, anganipitikise na mu manda. Chokaniko."

Mtengo unagwa dzuwa litapendeka. Manja awo anali matuza okhaokha, ena ataphulika. Anakhala pachitsa, anatola kamango kamodzi kanthete, anakayang'ana, n'kukaika m'thumba momwe munkakhala kiyi. Kenako anatithamangitsa tonse, ati tikuwapondera maluwa, chonsecho pabwalopo panalibe duwa ndi limodzi lomwe.

Lolemba lake magetsi anazima tauni yonse, koma chithunzi sichinaime. Madamu Zulu anafotokoza nkhani yathunthu kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ana ali duu, maso ali pa manja. Mwanida anali atakweza dzanja kukonzeka kumenya tebulo, koma linatsika lokha osamenya. Patapita miyezi ingapo, tikuchokera kumsika, anandikoka chitenje n'kundifunsa ndi manja kuti dzina langa ndani. Sankadziwa kuti mayi ake ali ndi dzina. Ndinalira pamsewu anthu akuona, ndipo sindinachite manyazi.

Anawo anawapatsa a Sakala dzina lamanja, monga amachitira ndi munthu amene amulandira: dzanja lamanzere likutsika, lamanja likukwera kudzalandira. Iwo ankanamizira kusalabadira, koma ndinawapezapo akuliyeserera pakhonde. Kuphunzira chinenerocho anakana. Ankati manja awo ndi a sipanala.

Tsopano mlandu wanga ndi uwu. Munthu amene analalikira tauni yonse za kupereka ukadali ndi mphamvu, iye mwini sanapereke kanthu kwa aliyense. Kabokosi kaja sankakatsekula pali munthu. Manambala achinsinsi olowera m'makinawo anali m'mutu mwawo. Ndinawapempha kuti andiphunzitse ngakhale pang'ono, zoti ndizichita iwo akadwala.

"Imwe gulisani salaula. Muzaononga."

A Chanda anawauza kangapo, ine ndikumva, kuti aitane abusa ndi abale awo, anene pamaso pa anthu kuti zipangizozi n'za ana a sukulu.

"Sakala, ndiwe mudala manje. Pasa vintu ivi ku chechi ukali na mpamvu. Si ndiwe ukamba so?"

"Nikali pamwamba ine, sininayambe kungena. Iwe ndiwe uzayamba kufa na mimba yako iyo."

Amene anayamba ndi a Sakala. Sitiroko inawagwetsa pakhonde m'mawa wina, ndipo inawalanda chinthu chomwe ankanyadira kwambiri, pakamwa. Kuchipatala anandigwira pamkono mwamphamvu, milomo ikunjenjemera, maso akundikakamiza kuti ndimve. Mwanida anaima pambali pa bedi manja ali okonzeka, kudikira kuti amuuze. Koma manja aja anali a sipanala. Sanakhalitse, anamwalira.

Titaika maliro, m'mawa mwake abale anakhala pansi kugawa katundu wa malemu, monga timachitira kwathu. Wotsogolera anali a Lameki, mwana wa mlongo wawo, amene anabwera kuchokera ku Petauke. Sindikunena kuti anali akuba. Bola akanakhala akuba, chifukwa wakuba akanatenga zonse pamodzi, ndipo kwinakwake zikanagwira ntchito. Awa anali anthu achilungamo. Anayala mphasa pabwalo, anaikapo majekete, nsapato ndi mapoto, ndipo anatuma achinyamata kukwera mlongoti kukatsitsa zapamwamba, kuti pasapezeke wodandaula kuti wamanidwa.

Pamaliro a wakum'mawa, Abemba ndiwo amaseketsa anamfedwa: amatipaka ufa kumaso, amanyoza malemu, amanamizira kulanda katundu. Chilichonse chimene mbuya, mnzathu wa chimbuya uja, anena pamaliro ndi nthabwala, aliyense amadziwa zimenezo. A Chanda anali atachita zonsezo dzulo lake, ndipo anazichita bwino, misozi ili m'maso. Ataona anthu pamlongoti anadzambatuka.

"Imwe, selukani! Ivo si va kugabana. Ni chintu chimozi icho, cha bana ba sukulu. Mukapatula, mwapaya sukulu!"

Bwalo lonse linafa ndi chiseko.

"Mwamvela Mubemba? Afuna kuba dishi!" anatero a Lameki akupukuta misozi. "Ambuya, tizakupasani jekete. Dishi siyani."

"Siniseka, Lameki. Nikamba vazoona."

Anaseka kuposa poyamba, chifukwa mbuya wodziwa ntchito yake amatero kumene, nkhope ili gwa. Mayi wina anatapa ufa n'kuwabwezera kumutu. A Chanda anaima pakati pa bwalo, bwana wakale wa njanji, ufa ukuyoyoka m'nsidze, akukuwa zoona, anthu akuwomba m'manja kuti mkuluyu amatha.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinadzuka pakati pa amayi, ndinagwada mwaulemu, ndinafotokoza za kalasi ndi za mtengo, ndinaloza chitsa chimene a Lameki anakhalira. Chiseko chinatha.

"Pepani amai, imwe ndimwe bandani pa banja pano?"

"Ndine amake mwana wa mu kalasi."

"Amalume banasiya mau kuli imwe kuti ivi ni va sukulu?"

A Sakala sanasiye mawu kwa aliyense. Kumbuyo kwanga mayi wina ananong'ona mokweza kuti amayi a salaula amadziwa kusankha nkhalamba zopanda ana. Ndinakhala pansi. Dishi inapita kwa a Lameki, kabokosi kwa mng'ono wawo, mabatire kwa azakhali, sola kwa ena. Waya wautali uja anauyeza ndi mikono n'kuudula zidutswa zofanana, aliyense akayanikepo zovala. Palibe amene anadandaula kuti wamanidwa.

Dishi ya a Chanda ikadalipo, koma kuchokera ku Highridge kawailesi sikaona denga la tchalitchi. Njira inali yodzera pamlongoti wa a Sakala ndi m'kabokosi kaja. A Chanda anabweretsa amisiri, anayang'ana, anati n'zotheka koma zonse n'zoyambiranso. A Chanda anatiitana kuti tiziphunzirira pakhonde pawo, koma Highridge ndi kutali kwa mwana wosamva hutala ya galimoto, makolo ali kumsika. Atchalitchi anasankha komiti, ndipo komitiyo ikuiyang'anabe nkhaniyi. Abusa anandiuza kuti madzi akatayika saoleka. Ndinawayankha kuti awa sanatayike, anachita kugawidwa m'makapu anthu akuseka. Tinabwerera ku foni ndi kireti. Madamu Zulu anapirira miyezi ingapo, manja awo akuuma m'malere ngati kale, ana akucheperachepera, kenako anapatsidwa kalasi ina.

Mwanida akukula. Thupi lake layamba kusintha, ndipo pali zinthu zimene mayi ayenera kuuza mwana wamkazi asanakazimve kwa anyamata a pamsewu. Mawu amanja a zinthu zimenezo ndilibe, sitinafikeko. Amandifunsa, ine ndimangogwedeza manja ngati wopha udzudzu. Wayambanso kudziluma pamkono. N'chifukwa chake ndikamva anthu akuti a Sakala anali munthu wabwino, mtima umandipsa. Anali woposa pamenepo, ndipo anatisiya panjira chifukwa cha kuuma mutu.

A Lameki anandiimbira mwezi watha kundiitana ku mwambo wa mwala. Asanadule foni anafunsa ngati ndikudziwa chifukwa chake dishi ija siionetsa TV. Ati anaisunga bwino pansi pa bedi.

Lamlungu lapitali tinapita ku Railways, ine ndi Mwanida, dzuwa litangolowa. Nyumba ili ndi loko, abale sanagwirizanebe woti akhalemo. Mlongoti anausiya, chifukwa a Sakala anauthira simenti yambiri. Waima wokha, mabowo a mabawuti ali pululu, kachidutswa ka waya kakulendewera pamwamba. Pakhoma la pakhonde patsala malo oyera pomwe panali kabokosi. Chitsa chada, ndipo chiswe chayamba mbali imodzi. Pamwamba pake thambo n'lotseguka lonse, kuyambira uku mpaka uko, lopanda tsamba ndi limodzi lomwe, monga mmene iwo ankalifunira. Tinaona kanthu kowala ngati nyenyezi kakudutsa, kenako kena pambuyo pake.

Mwanida anakwera pachitsa. Anakweza dzanja lamanzere n'kulitsitsa pang'onopang'ono, chiyambi cha dzina lawo. Ndinadikira lamanja. Silinakwere, linangokhala lende m'mbali mwa diresi. Kenako anatsika, tinakoka geti, n'kusiya thambo lonse lija likuyang'ana chitsa.